Kumasula mfundo ya mawu odzitsutsa okha, sitepe ndi sitepe

Mwana wa mlongo wanga anandipatsa kapepala tsiku lina, kodula bwinobwino ngati khadi, ati malume tawerengani apa. Mbali imodzi analemba kuti "Mawu ali kuseri kwa pepalali ndi oona." Nditatembenuza ndinapeza akuti "Mawu ali kuseri kwa pepalali ndi abodza." Nde ndinayamba kuwerengera, ngati mbali yoyamba ikunena zoona ndiye kuti yachiwiri ndi yoona, koma yachiwiriyo ikuti yoyamba ndi yabodza. Chabwino, tinene kuti yoyamba ndi yabodza, ndiye kuti yachiwiri si yoona, kutanthauza kuti yoyamba ija si yabodza ayi. Ndinatembenuza kapepala kaja maulendo osawerengeka mpaka m'mphepete munayamba kupindika, mwana ali phee kundiyang'ana kudikira yankho, ine ndagwira njakata.

Kapepala kotere si kachilendo, katswiri wa masamu wa ku Britain dzina lake Philip Jourdain ndi amene amatchulidwa kuti anakabweretsa mu 1913, ndipo kali m'gulu la zinthu zomwe ophunzira amazitcha paradox. Liwuli linachokera ku Chigiriki, para ndi doxa, ngati kunena kuti chinthu chosemphana ndi zomwe anthu amaganiza. Mwachidule paradox ndi pamene wayamba ndi mfundo zooneka zoona, wayenda masitepe ooneka olondola, koma wakathera pamalo pomwe mutu ukukana. Anthu ambiri akakumana nazo amachita chimodzi mwa ziwiri, ena amati "zamisala izi" n'kuzitaya, ena amati "eee nzeru zakuya" n'kutumiza kwa anzawo asanamve n'komwe tanthauzo lake. Ine zonse ziwirizi zimandiwawa mtima chifukwa mawu odzitsutsa amakhala akukulozera kena kake komwe unangovomereza osafunsa, ndipo ukakapeza kameneko ndiye kuti wapeza tanthauzo lake. Njira yomwe ndimatsata ndi iyi.

Sitepe yoyamba, lembani pansi

Musalimbane nazo m'mutu mokha, mutu umalumpha masitepe osakuuzani. Tengani pepala mulembe zinthu zitatu mosiyanitsa: zomwe mwavomereza poyambira, sitepe iliyonse ya kaganizidwe pamzere wakewake, ndi pothera pomwe pakukuvutanipo. Ikani manambala. Ngati pothera pali polakwika ndiye kuti mwina mfundo yoyambira ina ndi yabodza kapena sitepe ina yathyoka, apo ayi potherapo ndi poona ndithu inuyo ndi amene simunazolowere. Wafilosofi wa ku America W. V. Quine mu 1962 anazigawa chomwechi, zina zimathera pa zoona zodabwitsa, zina zili ndi cholakwika chobisika, ndipo zina zochepa, zomwe anazitcha antinomy, zimakana kugonja mpaka utasintha maziko enieni a kaganizidwe. Masitepe otsatirawa ntchito yake ndi kupeza kuti chomwe muli nacho m'manjacho chili m'gulu liti.

Sitepe yachiwiri, onani kaye ngati kutsutsanako kulipodi

Apa ndi pomwe zambiri zimathera. Wafilosofi wa ku Greece Aristotle ananena kalekale kuti chinthu sichingakhale chakuti komanso n'kusakhala chakuti, koma anaikapo malire omwe anthu amawaiwala, pa chinthu chomwecho, pa nthawi yomweyo, ndi m'lingaliro lomwelo. Nde mukamva mawu awiri akumenyana funsani mafunso atatuwa. Akunena za chinthu chimodzi? Nthawi imodzi? Liwu lomwe labwerezedwalo likutanthauza zofanana mbali zonse?

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, omwewonso amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Wina atha kunena kuti nde tichite chani, tidekhe kapena tifulumire? Koma palibe ndewu apa, mwambi umodzi ukunena za zinthu zomwe sizibwera ndi liwiro lako olo utathamanga bwanji, winawo ukunena za ntchito yomwe ili m'manja mwako kale iwe n'kumangoti ndichita mawa. Chimodzimodzi munthu akati "ndimasungulumwa kwambiri ndikakhala pagulu" sanadzitsutse, thupi lili pakati pa anthu koma palibe womumvetsa, ndipo kugundana kwa mawuko ndi kumene kukuchititsa kuti timve ululu wake. Olemba ndakatulo, alaliki ndi oimba amachita dala zimenezi, amaika mawu awiri osagwirizana pafupi kuti uime kaye, ndipo ntchito yako ndi kupeza matanthauzo awiri a liwu limodzilo. Njira yophweka ndi kulembanso chiganizocho mukuwonjezera timawu takuti "kumbali ya" ndi "pa nthawi yakuti". Chikamveka bwinobwino mutawonjezera timawuti, dziwani kuti kunali kukometsa chabe kalankhulidwe osati kudzitsutsa kwenikweni.

Koma chenjerani, pali anthu obisala kumbuyo kwa kalankhulidwe kotere. Mukamufunsa kuti mukutanthauza chani iye n'kumangoti ndi zakuya simungamve, mukayesa kuwonjezera timawu tija palibe chikutuluka, pamenepo nthawi zambiri mulibe kanthu mkatimo. Mawu akuya enieni amalola kufunsidwa.

Nkhani ya chombo cha Theseus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, imalowa pano. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga chombochi kwa zaka zambirimbiri, thabwa likawola amachotsa n'kuikapo latsopano, mpaka anzeru anayamba kukangana kuti kodi chikadali chombo chomwe chija? Thomas Hobbes m'zaka za m'ma 1600 anadzathira mafuta pamoto, ati nanga wina atatolera matabwa akale onse aja n'kupanganso chombo, chenicheni ndi chiti pa ziwirizo? Lembani pansi muona kuti liwu lakuti "chomwecho" likusenza katundu muwiri, chomwecho kumbali ya matabwa ndi chomwecho kumbali ya mbiri ndi ntchito yake yosadukiza. Kusiyanitsako sikuthetsa mkangano wonse ayi, anthu akukanganabe kuti tanthauzo lofunika kwambiri ndi liti, koma mwadziwa tsopano kuti mkangano uli pa liwu liti.

Sitepe yachitatu, yang'anani wolankhulayo osati mawu okha

Pali mawu ena omwe paokha alibe vuto, vuto limabwera chifukwa cha yemwe akuwanena. Mayi afunsa mwana usiku kuti "wagona kodi?" mwana n'kuyankha kuti "eya ndagona", kuyankhako ndi komwe kwamugwiritsa. Munthu kunena m'Chichewa chosalala kuti "ine sindidziwa olo liwu limodzi la Chichewa". Kapena uja amati "musamvere malangizo a munthu aliyense", nanga akewo si malangizo? Ndiye pali ina yomwe imamveka kwambiri pa mikangano, yakuti "palibe choonadi padziko pano". Mufunseni modekha kuti nanga zomwe mwanenazi ndi zoona? Akati eya ndiye kuti choonadi chimodzi chapezeka kale, akati ayi ndiye palibe chifukwa chowamvera.

Machitidwe ake ndi osavuta, tengani lamulo lomwe chiganizo chikupereka muliyese pa chiganizo chomwecho, kenako pa mwini wakeyo. Likadzigwetsa lokha ndiye kuti mawuwo ndi abodza basi, kapena akufunika kuchepetsedwa. Ndipo ndikupempheni, mukamugwira mnzanu chonchi musamuchititse manyazi, nthawi zambiri amakhala ali ndi mfundo yabwino koma waikulitsa mopyola. Wonena kuti palibe choonadi uja mwina amafuna kunena kuti anthu amakhulupirira zinthu zambiri popanda umboni, zomwe ndi zoona ndithu. Muthandizeni kuchotsa "palibe", "aliyense", "nthawi zonse" aikepo "zambiri" kapena "kawirikawiri", muona mawu ake aima.

Wafilosofi wa ku Cambridge G. E. Moore anapeza china chodabwitsa cha mtundu womwewu, munthu kunena kuti "kunja kukugwa mvula koma ine sindikukhulupirira kuti ikugwa." Taonani, mbali zonse ziwiri zitha kukhala zoona, mvula itha kumagwa iye osadziwa, ndipo wina atanena za iyeyo kuti mvula ikugwa koma uyu sakukhulupirira palibe angadabwe. Koma mwini wake sangazinene ndi mtima wonse. Chomwe tikuphunzirapo n'chakuti ukanena chinthu motsimikiza umakhala wanenanso mwakachetechete kuti ukuchikhulupirira.

Sitepe yachinayi, ikanimo manambala enieni mupeze pomwe pathyoka

Iyi ndi ya zija zili ndi cholakwika chobisika, ndipo ndi sitepe yomwe ndimaikonda chifukwa umachita kuona ndi maso. Pali kamasamu kotchuka kosonyeza kuti 2 ndi wofanana ndi 1. Amati tiyerekeze kuti a = b. Chulukitsani mbali zonse ndi a, mupeza a×a = a×b. Chotserani b×b mbali zonse, kenako konzani bwino, zikhala (a+b)(a−b) = b(a−b). Nde amati poti (a−b) ali mbali zonse tiyeni tigawe naye achoke, kutsala a+b = b, ndipo poti a ndi b ndi ofanana ndiye kuti 2b = b, mapeto ake 2 = 1. Mzere uliwonse ukuoneka waukhondo.

Tsopano chotsani malembawo muikepo 5 paliponse. Mzere woyamba 5 = 5, zoona. Wachiwiri 25 = 25, zoona. Wachitatu 10×0 = 5×0, zoonanso chifukwa zonse ndi ziro. Wachinayi 10 = 5, bodza lija latulukira apa. Ndiye kuti pathyoka ndi pakati pa mzere wachitatu ndi wachinayi, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti (a−b) uja ndi 5−5, tagawa ndi ziro, zomwe masamu salola. Malembo anamuveka ziro chovala kuti tisamuzindikire. Lamulo la sitepe imeneyi ndi lomweli, tsikani mzere ndi mzere ndi chitsanzo chenicheni, pezani mzere womaliza woona ndi woyamba wabodza, wakuba ali pakati pawo.

Zeno wa ku Elea, yemwe anakhalako m'zaka za m'ma 400 BC, anasiya mfundo yomwe inavutitsa anthu nthawi yaitali kuposa iyi. Ati Achilles, katswiri wa liwiro, akupikisana ndi fulu ndipo fulu wapatsidwa mwayi woyambira kutsogolo. Kuti amupitirire ayenera kufika kaye pomwe fulu anayambira, koma pofika pamenepo fulu wasunthako pang'ono, afikenso pamenepo fulu wasunthanso, choncho mpaka kalekale, ndiye kuti sadzamupeza. Tonse tikudziwa kuti amupeza, funso ndi lakuti kaganizidweka kalakwika pati. Ikanimo manambala. Fulu ali mamita 100 kutsogolo, Achilles akuthamanga mamita 10 pa sekondi, fulu mita imodzi. Gawo loyamba litenga masekondi 10, lachiwiri sekondi imodzi, lachitatu 0.1, lachinayi 0.01, kumangocheperachepera. Mukaphatikiza mupeza 11.111 n'kumapitirira, nambala yomwe siifika olo pa 12. Chomwe tinavomereza osafunsa n'chakuti ukaphatikiza tizigawo topanda malire yankho lake liyeneranso kukhala lopanda malire, pomwe si choncho. Mawu akuti "mpaka kalekale" amanena za kuchuluka kwa tizigawo, ife tinawamva ngati akunena za kutalika kwa nthawi. Zinatenga akatswiri a masamu mpaka m'zaka za m'ma 1800, anthu ngati Cauchy ndi Weierstrass, kuti aikhazike nkhani imeneyi pa maziko olimba, nde musadzione operewera ngati inakuimitsani mutu.

Sitepe yachisanu, lolani kuti mwina wolakwa ndi inuyo

Nthawi zina mufufuza mzere uliwonse osapeza pothyoka chifukwa palibe pathyoka. Munthu wazaka 20 yemwe tsiku lake lobadwa lakwana kasanu kokha, zikumveka zosatheka mpaka mutakumbukira 29 February. Yodabwitsa kwambiri ndi iyi, mukasonkhanitsa anthu 23 okha m'chipinda mwayi woti awiri mwa iwo ali ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira theka, pafupifupi 50.7 peresenti, ndipo akakwana 70 umafika 99.9 peresenti. Mtima umakana, umati chaka chili ndi masiku 365 anthu 23 achepa. Koma mtima ukuyankha funso lina, lakuti kodi pali wofanana ndi ineyo? Funso lenileni ndi la awiri aliwonse, ndipo anthu 23 mutha kuwaphatikiza awiriawiri m'njira 253, ndiko kuti 23×22 kugawa ndi 2. Mukaona 253 uja kudabwa kumachepa. Apa mankhwala ake ndi kuwerengera kapena kuyesa ndithu, funsani masiku obadwa m'magulu angapo a anthu oposa 23 muone kuti zichitika kangati.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, yesani makomo onse awiri

Tafika pa mawu odzinena okha ngati kapepala kaja. Machitidwe ake ndi awa, jambulani mzere pakati pa pepala, kumanzere lembani "tiyerekeze kuti ndi zoona" mutsatire mpaka kumapeto, kumanja lembani "tiyerekeze kuti ndi zabodza" mutsatirenso. Anthu ambiri amayesa khomo limodzi lokha, akaona latsekeka amakuwa kuti paradox, pomwe linalo lili pululu.

Chitsanzo chake ndi Epimenides wa ku Krete, wa cha m'ma 600 BC, yemwe amati Akrete ndi abodza nthawi zonse iyenso ali Mkrete, mawu omwe Paulo anawatchulanso pa Tito 1:12. Kumanzere, ngati akunena zoona ndiye kuti iyenso ndi wabodza, khomo latsekeka. Kumanja, ngati akunama ndiye kuti chani? Apa ambiri amaphonya, amati ndiye kuti Akrete onse amanena zoona. Ayi. Kutsutsa "onse ndi abodza" sikutanthauza "onse ndi oona", kumangotanthauza kuti alipo mmodzi, olo mmodzi yekha, yemwe ananenapo zoona. Basi khomo latseguka, Epimenides wanama kapena wakokomeza, nkhani yatha. Gwirani bwino pamenepa chifukwa pa mikangano ya tsiku ndi tsiku anthu amagwa pa "onse" ndi "ena" kuposa pena paliponse.

Nkhani ya wometa, yomwe wafilosofi wa ku Britain Bertrand Russell ankaigwiritsa ntchito pofotokoza, ndi yovutirapo. M'mudzi wina muli bambo wometa yemwe amameta amuna onse osadzimeta okha, ndipo amameta okhawo basi. Nanga iyeyo amamumeta ndani? Akadzimeta waphwanya lamulo poti sayenera kumeta odzimeta okha. Akapanda kudzimeta walowa m'gulu la omwe ayenera kuwameta. Makomo onse atsekeka. Zikatere bwererani pa mzere woyamba penipeni pa pepala lanu, pomwe munalemba kuti "muli bambo wometa". Ndani anati alipo? Tangotsimikiza kuti munthu wotero sangakhaleko, monga momwe sipangakhalire munthu wamtali kuposa iye mwini. Kufotokoza chinthu ndi mawu omveka bwino sikuchititsa kuti chikhalepo, ndipo chomwe tinavomereza osafunsa chinali chimenecho.

Mulu wa mchenga ndingoutchula mwachidule chifukwa uli ndi khalidwe lakelake. Eubulides wa ku Miletus, wa m'zaka za m'ma 300 BC, anafunsa kuti ukachotsa kanjere kamodzi pa mulu umakhalabe mulu eti? Eya. Nde pitirizani kuchotsa kamodzikamodzi, mudzatsala ndi kanjere kamodzi mukunenabe kuti ndi mulu. Vuto ndi mawu opanda malire enieni, mulu, dazi, wamtali, wolemera, wachikulire. Mukaona mkangano ukuyenda ndi "kungowonjezera pang'ono sikusintha kanthu" dziwani kuti mwalowa mu mchengawu. Pa moyo weniweni timangogwirizana malire, n'chifukwa chake malamulo amatchula zaka zenizeni zoti munthu wakula, ngakhale tonse tikudziwa kuti palibe amakhwima nzeru usiku umodzi.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri, pomwe palibe chikugonja

Zilipo zochepa zomwe mukayesa zonsezi zimangokuyang'anani. Yoyamba ndi ya Eubulides yemweyo, munthu kunena kuti "zomwe ndikunena panozi ndi zabodza." Zikakhala zoona ndi zabodza, zikakhala zabodza ndi zoona, ndipo simunganene ngati za wometa zija kuti chiganizochi kulibe, chilipo mwachiwerenga kumene. Kapepala ka mwana uja ndi komweku, kungoti bodzalo analigawa pawiri.

Yachiwiri ndi yomwe Russell anapeza mu 1901. Ganizirani mindandanda. Mndandanda wina utha kudzilemba wokha, mwachitsanzo mndandanda wa mindandanda yonse ya mu ofesi uyenera kudzitchula poti nawonso ndi mndandanda wa mu ofesimo, pomwe mndandanda wa mayina a ana sudzitchula. Tsopano pangani mndandanda wa mindandanda yonse yosadzitchula. Udzilembe kapena usadzilembe? Ukadzilemba sukuyenera kukhalamo, ukapanda kudzilemba ukuyenera kukhalamo. Zikufanana ndi wometa, koma kusiyana kwake n'kwakuti pa nthawiyo masamu a magulu a zinthu amayendera mfundo yakuti ukangotchula khalidwe lililonse gulu la zinthu za khalidwelo liripo, nde kunena kuti gulu ili kulibe kunali kugwetsa mzati wa nyumba. Mu June 1902 Russell analembera kalata Gottlob Frege wa ku Jena ku Germany, bambo yemwe anatha zaka zambiri akumanga masamu pa mfundo imeneyo, buku lake lachiwiri lili kale kosindikiza. Chomwe chimandigwira mtima ndi momwe Frege anachitira. Sanabise, sanakalipe, anayankha patangopita masiku ochepa kuvomera kuti maziko agwedezeka, ndipo bukulo litatuluka mu 1903 linali ndi mawu owonjezera kumapeto ofotokoza vutolo poyera.

Nde mukafika pamenepa chochita ndi kulemba mfundo zonse zomwe mukuziona ngati zosakanika, n'kufunsa kuti ndi iti yomwe ndingaisiye pa mtengo wochepa. Ndi zomwe akatswiri anachita. Ernst Zermelo mu 1908 anaika malamulo oletsa kupanga gulu mwachisawawa, chaka chomwecho Russell anabweretsa njira yoika zinthu m'masitepe kuti gulu lisadzilowe lokha. Pa za wabodza wa Eubulides uja Alfred Tarski mu 1933 anati chilankhulo cholongosoka sichiyenera kudziweruza chokha, liwu lakuti "zoona" lonena za ziganizo za chilankhulo china liyenera kukhala m'chilankhulo cha pamwamba pake. Ena amati chiganizo cha wabodzacho si choona komanso si chabodza, chili pakati, koma yesani nokha chiganizo ichi, "mawu awa si oona", muona kuti njira imeneyo yagwanso, chifukwa ngati chili pakati ndiye kuti si choonadi, zomwe ndi ndendende zomwe chikunena. Ndipo alipo ena ngati Graham Priest omwe amati tingovomera kuti ziganizo zochepa zotere ndi zoona komanso zabodza nthawi imodzi, koma kuti atero amayenera kusintha malamulo a lojiki, ndiko kuti malamulo a kaganizidwe kolondola, chifukwa mu lojiki yomwe tinazolowera ukangolola kutsutsana kumodzi utha kutsimikiza chilichonse chomwe ungafune. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake ndipo mpaka lero sanagwirizane.

Musaganize kuti kunali kutaya nthawi. Kurt Gödel mu 1931 anatenga kapangidwe ka wabodza komweka n'kusintha liwu limodzi, m'malo mwa "ndine wabodza" anapanga chiganizo cha masamu chonena kuti "sindingatsimikizidwe m'dongosolo lino". Chimenechi sichidzitsutsa, koma chinaonetsa kuti dongosolo lililonse la malamulo a masamu losadzitsutsa, lokwanira kuwerengera manambala, limakhala ndi ziganizo zomwe silingathe kuzitsimikiza kapena kuzikana. Alan Turing mu 1936 anayenda njira yofananayo n'kuonetsa kuti sipangakhale pulogalamu imodzi yotha kuuza za pulogalamu iliyonse ngati idzamalize ntchito kapena idzangozungulira osaima, ndipo makina omwe anawaganizira polemba zimenezo ndi omwe anakhala maziko a maphunziro a kompyuta.

Yoti muyesere nokha

Mwana uja ndinamubwezera kapepala kake patapita masiku awiri, ndinamuonetsa mzere pakati pa pepala ndi makomo awiri otsekeka, ndinamuuza kuti apa wandigwira ndipo si ine ndekha. Kenako ndinamupatsa iyi yomwe ndikukupatsaninso inu. Nkhani yakale imati mphunzitsi wa ku Greece Protagoras anaphunzitsa mnyamata wina dzina lake Euathlus luso loyankhula pa milandu, atagwirizana kuti malipiro otsala adzapereka akadzapambana mlandu wake woyamba. Mnyamata atamaliza maphunziro sanatenge mlandu uliwonse, mphunzitsi anatopa kudikira n'kukamusumira. Protagoras ati ndikapambana undilipira poti bwalo lagamula, ndikagonja undilipirabe poti wapambana mlandu wako woyamba. Euathlus ati ayi aphunzitsi, ndikapambana sindilipira poti bwalo lagamula, ndikagonja sindilipiranso poti sindinapambanebe mlandu. Aulus Gellius, yemwe analemba nkhaniyi, akuti oweruza anathedwa nzeru n'kuimitsa mlanduwo.

Tengani pepala, ikani manambala, ndipo muyambire pa sitepe yachiwiri. Onani kuti aliyense mwa awiriwa akudumpha pakati pa zinthu ziwiri, chigamulo cha bwalo ndi pangano lawo, kutengera chomwe chamukomera pa mzere umenewo. Kenako funsani za nthawi, pa mphindi yomwe oweruza akugamula, Euathlus anali atapambanapo mlandu kapena ayi, nanga mawa lake m'mawa Protagoras atakasumanso kachiwiri zingathe bwanji.